Ufa wa Mizu ndi Matumba Makumi Anayi

Ndinawapeza Lachiwiri m'mawa ndikufuna kuchapa. Ndinapisa m'thumba la jekete la amuna anga monga ndimachitira nthawi zonse, ndipo dzanja linatuluka ndi mapiritsi a BP. Anali a mwezi wathunthu, osatsegula n'komwe.

Chaka chatha amuna angawa, bambo a Lugano, anagwa pamsika wa mpunga kuno ku Kyela. Pakamwa panapindika, dzanja lamanja linafa kwa milungu isanu ndi umodzi. Anachira ndithu, koma adokotala anatiuza mosapsatira mawu kuti akasiya mankhwala, sitiroko yachiwiri ikhoza kuwagoneka pamphasa moyo wawo wonse, kapena kuwatenga kumene.

Amuna anga ndinawapeza pakhonde akumwa tiyi ndi zitumbuwa za mpunga.

"Bambo a Lugano, awa ndi chiyani?"

"Aaa, amenewo? Ndinawasiya kalekale. Ankanditsokomoletsa ngati lole yakale pachitunda. Panopa ndili pa mankhwala enieni."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kapaketi kobiriwira ka ufa wa mizu, pamodzi ndi chipepala chopindapinda. Anati anagula kwa bambo wina wa suti amene anabwera pamsika ndi galimoto ya chimkuzamawu.

"Taonani apa. Kafukufuku wa akatswiri ameneyu. Anthu onse amene anamwa ufawu BP inatsika. Onse! Chidindo ndi ichi."

"Ndiye mwataya mankhwala a kuchipatala chifukwa cha munthu wokuwa pagalimoto?"

"Mayi a Lugano, inu munalekeza sitandade seveni. Za kafukufukuzi tisiyireni ife."

Iwo analekeza sitandade sikisi, koma ndinangozisiya. Amuna anga ndi munthu wabwino, vuto ndi khosi. Akati lero ndi Lolemba, kaya belu la kutchalitchi likulira, ndi Lolemba basi. Ndinadziwa kuti ndikapitiriza kulongolola ndingokweza BP yomweyo. Ndinali ndi mkwiyo, koma mantha ndiye anali ochuluka.

Madzulo ndinadutsa mpanda kupita kwa aneba athu, Sista Tusekile Mwakibinga. Ndi namwino pachipatala chathu chaching'ono, mayi wamkulu, wa magalasi. Asanabwerere kuno anagwira ntchito zaka zingapo ku Mbeya ndi gulu la anthu ounika kafukufuku wa zaumoyo. Ndinawafotokozera zonse misozi ili m'maso.

"Mukati muwakokere kuchipatala sapita," iwo anatero. "Mawa ndili pa tchuthi. Ndikawapeza kugodauni kwawo kosungira mpunga, komwe amadziona katswiri. Inu mukakhalepo, koma pakamwa mutseke."

"Zovutatu zimenezo, Sista."

"Muyesetse, ndi tsiku limodzi lokha."

Ntchito ya amuna anga ndi kugula mpunga kwa alimi n'kugulitsa kwa amalonda a ku Dar es Salaam. Pamsika ponse amadziwika kuti sapusitsika. Ali ndi chitsulo chosongoka, cha mphako m'kati, chimene amabayira thumba kuti mpunga wa m'kati utuluke awuone. Chitsulo chimenecho amachisamala kuposa nsapato za Lamulungu.

M'mawa mwake ine ndinanamizira kuwapititsira phala. Posakhalitsa Sista anatulukira, kachikwama kali paphewa.

"Mwadzuka bwanji a Mwakatundu?" anapereka moni kwa amuna anga. "Tikuoneni. Lero ndabwera za malonda."

Anamasula mfundo ya pachitenje n'kuwaonetsa mpunga wodzaza dzanja limodzi, woyera mbee, wosasweka, wonunkhira.

"Mlamu wanga ku Ipinda ali ndi matumba makumi anayi. Onse ndi otere. Tumizani lole mukanyamule."

Amuna anga anaseka mpaka kugwira nthiti. Azibambo onyamula matumba nawonso anaima n'kumaseka.

"Sista, inu bayani anthu jakisoni, za mpungazi tisiyireni. Ndigule matumba makumi anayi chifukwa cha kadzanja kamodzi? Kotapa mwini wake? Ndine mwana ine?"

"Ndiye mumatani inu?"

Apa ndiye anawakanda poyabwa. Ananyamula chitsulo chija n'kuyamba kulalikira.

"Wabwino amauika kukamwa kwa thumba. Ine ndimabaya pamwamba, pakati, pansi. Thumba lililonse, osadumpha. Ndipo ndimayamba ndi akumbuyo, aja mwini wake akuima patsogolo pake kuti ndisawaone. Wonyowa amabisa kumeneko, wa timiyala, wa mankhusu. Chinanso, chitsulo ndimagwira ndekha. Wogulitsa sandibayira."

"Nanga ndikakubweretserani kalata ya chidindo yoti mpungawo ndi wabwino?"

"Chidindo? Ha! Pakona apo pali mkulu amasema zidindo ndi tayala lakale. Mukafuna cha bishopu akusemerani lero lomwe."

Ine ndinalephera kupirira, ndinatsokomola. Amuna anga anandiyang'ana, kenako anayang'ana Sista. Kuseka kunathera panjira.

"Mwandipangira upo, eti?"

"Upo wa chikondi, a Mwakatundu. Tandipatsani chipepala chija tiwerengere limodzi."

Anachitulutsa m'thumba la malaya monyinyirika. Sista anakonza magalasi n'kumaloza ndi chala mzere ndi mzere. Anthu amene anayesedwa anali makumi awiri okha. Anawayesa milungu iwiri. Panalibe gulu lina losamwa ufawo loti afanizire nalo. M'munsi, pa tizilembo tating'ono, panalembedwa kuti amene analipira kafukufukuyo ndi kampani yogulitsa ufawo, ndiponso kuti anthuwo ankapitiriza kumwa mapiritsi awo a kuchipatala.

"Ndiye tandiuzeni, inatsitsa BP ndi ufa kapena mapiritsi? Palibe angadziwe. Ili ndi dzanja limodzi la mpunga, ndipo wotapa ndi wogulitsa."

Amuna anga sagonja msanga.

"Koma ine m'thupi ndikumva bwinobwino."

"Tsiku munagwa lija, m'mawa mwake munamva chiyani?"

"Palibe."

"BP siimba ng'oma ikamabwera."

"Chabwino. Nanga mapiritsi anuwo, sali ndi owagulitsa? Za iwowo sizinalembedwe papepala ngati lomweli? N'chifukwa chiyani ndikhulupirire lanu, langa ayi?"

Ine ndinaganiza kuti Sista akwiya, koma anaomba m'manja.

"Funso lake ndi limenelo! Musakhulupirire pepala limodzi, ngakhale langa. Ku Mbeya ntchito yathu inali yomwe mumachita inuyi. Tikafuna kudziwa ngati mankhwala enaake amagwiradi, sitinkatenga kafukufuku mmodzi amene watisangalatsa. Tinkasaka yense amene anachitikapo pa nkhaniyo, m'mayiko onse, wonena zabwino ndi wonena zoipa. Tisanayambe n'komwe tinkalemba malamulo a kasankhidwe kake, kuti pambuyo pake wina asamangotola zomukomera. Pepala lililonse tinkaliwerenga anthu awiri, aliyense payekha, kenako n'kufananiza. Tikasiyana, wachitatu ankaweruza. Magalasi awa ndinawatenga kumeneko."

"Ndiye mumaona chiyani m'mapepalamo?"

"Kuti anayesa anthu angati, kwa nthawi yaitali bwanji. Kuti panali gulu lofanizira, ndipo anthu anagawidwa mwa maere, osati kusankha amphamvu okhaokha kuti alandire mankhwalawo. Kuti amene anasiyira panjira anawerengedwa kapena anangowaiwala. Kafukufuku wamkulu, wochitidwa mosamala, amalemera kuposa wamng'ono wothamangitsa. Ndiponso timafufuza aja amene sanawatulutse chifukwa zotsatira zake sizinakomere eni ake."

"Matumba akumbuyo," amuna anga anatero chapansipansi.

"Omwewo. Tikamaliza timanena zimene tapeza, n'kunenanso kuti tikutsimikiza kwambiri, pang'ono, kapena sitikudziwa n'komwe. Mankhwala otsitsa BP anaunikidwa chonchi kambirimbiri. Anayesedwa pa anthu masauzande ambirimbiri kwa zaka, ndipo zonse zikaikidwa pamodzi zimaonetsa kuti amachepetsadi sitiroko. Pamenepo tikutsimikiza."

"Nanga ufa wangawu ndi wabodza?"

"Sindinatero. Dzulo ndinafufuza za muzu umenewu. Ndapeza timakafukufuku titatu, tonse tating'ono ngati aka. Mwina umathandiza, mwina ayi, mwina umapweteka impso. Palibe akudziwa. Tsono inu mwaika moyo wanu pa chinthu chimene palibe akudziwa."

Anatsegula kachikwama kaja n'kutulutsa makina oyezera BP. Amuna anga anakhala pathumba la mpunga, n'kupereka mkono ngati mwana wolakwa. Makina analira, lamba anafufuma. Ngakhale onyamula matumba aja anasendera pafupi.

Manambala anatuluka 192 pamwamba, 112 pansi. Sista anadikira pang'ono n'kuyezanso mkono winawo. Sizinasiyane kwenikweni.

"Mutu ukupweteka? Maso akuona bwino? Dzanzi paliponse?"

"Ayi." Mawu anatuluka aang'ono. Ndinawaona akufumbata ndi kutambasula dzanja lamanja lija. Pa zaka makumi atatu za ukwati wathu ndinali ndisanawaonepo ali ndi mantha chonchi, ndipo ndinawamvera chisoni mpaka mkwiyo wonse unandithera.

"Koma Sista, chifuwa chija chinandizunza. Kutchalitchi anthu ankatembenuka. Ndikamakambirana mtengo ndi munthu, ine khoo, khoo, ngati ndikufa."

"Chimenechonso n'chodziwika. Kafukufuku yemweyo anaonetsa kuti mtundu umene munkamwawo umatsokomoletsa anthu ena. Mitundu ina ilipo. Mukanangonena, bambo, tikanakusinthirani kalekale."

"Basi? Kungonena?"

"Kungonena."

Tsiku lomwelo anatseka godauni, tinakwera bajaji, kagalimoto ka matayala atatu, ulendo wa kuchipatala. Adokotala anawayeza bwinobwino, anawapatsa mapiritsi a mtundu wina, anati ufa uja ausiye ndipo mchere uchepe m'ndiwo. Za mcherezo anadandaula kuposa za BP, koma anamvera.

Sindinama, milungu yotsatirayo mtima wanga unali m'mwamba. Akangochedwa kubwera kumsika, ine ndili kale pamsewu kuyang'ana. Akagwetsa kapu, ndinkathamanga kukaona pakamwa pawo. Patatha mlungu umodzi tinakayezetsa, inali 164. Adokotala anati ikutsika koma sinafike, n'kuwonjezerako pang'ono mankhwala. Amuna anga anayamba kung'ung'udza kuti awanso ndi ochedwa, koma m'mawa uliwonse ankameza ine ndikuona. Chifuwa sichinabwerenso.

Mlungu wachisanu tinapeza Sista Tusekile ali pantchito. Anawamanga lamba uja n'kuwauza kuti asalankhule. Ine ndinatseka maso, sindinafune kuona.

"Mayi a Lugano, tsegulani maso. 134 pa 84."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Ndiye kuti muzikagona tulo. Apitirize kumwa tsiku lililonse, mwezi wamawa abwerenso."

Ndinakhala pansi pabenchi n'kulira ngati kamwana, pamaso pa anthu onse. Thupi linapepuka ngati ndatula mtolo wa nkhuni.

"Ahh, mayi inu, mukundichititsa manyazi," amuna anga anatero, koma nawonso ankapukuta m'maso ndi mpango n'kumati ndi fumbi. Potuluka anakana bajaji. Anati akufuna kuyenda wapansi, ndipo tinayenda mpaka kunyumba, pang'onopang'ono, akundiuza za mitengo ya mpunga ngati palibe chachitika.

Ndalemba izi kuti mnzanga wina asadutse m'njira yomweyi. Munthu akakuuzani kuti kafukufuku wapeza zakutizakuti, musangoona chidindo. Funsani kuti anayesa anthu angati, anafanizira ndi ndani, ndipo analipira ndani. Koposa zonse funsani kuchipatala ngati kafukufuku yense wa nkhaniyo anaunikidwapo pamodzi, ndiponso kuti ounikawo akutsimikiza motani. Kafukufuku mmodzi si chifukwa chosiyira mankhwala amene adokotala anakupatsani. Ngati akukuvutani m'thupi, bwererani mukanene, akakusinthireni. Amuna anga anakhala mwezi wathunthu osamwa, n'kupulumuka. Si onse amene amapatsidwa mwezi woterowo.