Uthenga wa Maliro a Madala

Intaneti inali itaduka kuyambira m'mawa, ndipo makalata onse otuluka pa ofesi anangounjikana mu seva, kompyuta yaikulu yotumiza makalata, kudikira pamzere ngati odwala pa benchi. Mtsikana wa makompyuta ankayang'ana mzerewo pamene mlembi analowa m'kachipinda kake osagogoda.

"Achemwali, fufutani zonse. Msanga."

"Zonse? Muli makalata a abwana m'menemu. Mwapalamula chiyani?"

Mlembi anakhala pa katoni ya mapepala n'kufotokoza. Pa ofesipo panali chizolowezi chakuti wantchito akamwalira, mayi ophika tiyi ankavundikira kapu yake pashelefu mpaka maliro atatha. M'mawawo mlembi anapeza kapu ya Madala, mkulu wosunga katundu amene anali atagonekedwa kuchipatala, ili chovundikira. Sanafunse munthu. Analemba uthenga wa maliro n'kutumiza kwa onse.

"Ndiye Madalawo ali pageti apo, akukangana ndi mlonda za mpira," anatero mlembi. "Kapu ija mayi anavundikira chifukwa cha nyerere."

Mtsikanayo anafuna kuseka, koma anaona kanyali ka rauta kakuyamba kuphethira. Intaneti inkabwerera. Mwachangu anaimitsa mzere wonse.

"Ndaumanga kaye. Palibe chituluke mpaka nditaumasula. Koma sindingaumange tsiku lonse, abwana andidya wamoyo."

Vuto linali lakuti anthu onse pa ofesipo ankatumiza makalata ndi adiresi imodzi, choncho dzina la wotumiza silikanamuthandiza. Anafufuza ndi mutu wa uthengawo, n'kumatsegula kalata iliyonse asanaiike chizindikiro. Anadabwa kuona kuti mlembi anadziwitsa ngakhale kampani yowagulitsa inki.

"Ndi okhawa?"

Mlembi anakanda m'mutu. "Pali ina. Ya mwana wawo wamkazi, uja ali kusukulu kutali. Ndinamulembera yakeyake."

"Mutu wake?"

"Ndaiwala. Ndinkalira nthawi imeneyo."

Mtsikanayo anayamba kutsika ndi mzerewo pang'onopang'ono, akuwerenga maadiresi a olandira. Ali mkati, chitseko chinatseguka. Anali Madala, ataonda ndithu, bandeji ili pamkono.

"Ndamva kuti ndatsikira kulichete," anatero. "Tandiwerengereni, ndimve mmene ndinaliri."

Mlembi anabisa nkhope m'manja. Mtsikanayo anawerenga: "Anali munthu wofatsa, wosadziwa kukalipa."

Madala anatembenukira kwa mlembi. "Ine? Si iwe unanditcha ng'ona tsiku lija ndinakana kukupatsa mapepala?"

"Munthu akafa timamukonza, bambo."

Madala anaseka mpaka kutsokomola. Anapempha kuti amusindikizire uthengawo akaonetse mayi a kunyumba, amene sanamuyamikirepo chotero kuyambira pamene anakwatirana. Kenaka mtsikanayo anaipeza kalata ya mwana ija, itabisala pakati pa makalata a maoda. Mutu wake unali wakuti "Limba mtima, mwanawe."

Madala anawerama, nawerenga yekha chamumtima. Kuseka kunatha.

"Iyi siinapite?"

"Siinapite, bambo."

"Ali ndi mayeso mawa. Akanakwera basi lero lomwe, osafunsa munthu." Analoza kalatayo ndi chala. "Fufuta, mwana wanga. Ndione ndi maso anga."

Mtsikanayo anakopera nambala ya kalatayo, anaiyerekeza kawiri ndi ya pamzere, n'kufufuta. Anafufutanso ena aja, kenaka anamasula mzere. Makalata otsala anayamba kutuluka imodzi ndi imodzi.

Madala anasisita matumba a jekete lake, koma foni anali ataisiya kunyumba.

"Iwe wolengeza maliro, tandibwereka foni yako. Ndikufuna amve mawu anga."