Mapeto Awiri a Filimu ya Bambo

Achimwene anali akumata katoni yachitatu pamene Namaso analowa m'chipinda cholumikizira mafilimu. Mashelefu anali atayera mbee, ndipo patebulo lalitali la Bambo panangotsala kompyuta ndi kapu imene palibe analimba mtima kuitsuka.

"Kompyutayi ndiisiya mpaka Lachisanu," anatero Achimwene osatembenuka. "Pali anthu akufuna chipinda chino, akuti atsegulemo shopu ya mafoni. Sangatidikire mpaka kalekale."

"Koma filimu sinathe, achimwene."

"Ndiye uimalize. Si iwe unkakhala nawo muno?"

Anali atapita masiku asanu ndi limodzi chiwaikireni Bambo m'manda. Munthuyo anagwira kamera zaka makumi atatu, kujambula maukwati, makwaya ndi malonda a sopo, ndipo chilichonse ankachigwira ngati ndicho chomaliza. Filimu yaitali anaiyamba imvi zitamera kale. Inali nkhani ya mtsikana wamasiye woyenda khomo ndi khomo kufunafuna pamene angamati ndi kwawo, ndipo wosewera mtsikanayo anali Namaso.

Gawolo silinamuvute kuloweza. Iye mwini anafika m'nyumba ya Bambo ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mayi ake, amene ankasoka zovala za osewera, atamwalira. Bambo anabwera naye atamugwira dzanja, zovala zake zili mu jumbo, nauza Amayi kuti, "Muonjezere mbale imodzi." Msonkhano wonse unathera pomwepo. Dzina la Namaso anamupatsa ndi Bambo omwewo, chifukwa cha maso ake aakulu amene ankayang'ana munthu osaphethira. Anamuphunzitsa kuyeza kuwala, kumvetsera mawu, kudziwa pamene chithunzi chatopa ndipo chikufunika kudula. Koma pa kuyamikira anali woumira zedi. Namaso ankawatcha Bambo, inde, koma ngakhale wometa tsitsi pamsewu ankawatcha chimodzimodzi. Zaka khumi ndi chimodzi anadya nawo patebulo limodzi osadziwa ngati iwo ankamuona ngati mwana kapena ngati wantchito wabwino amene amagona konko.

Tsopano wofunsa panalibe, ndipo funsolo anthu ena anayamba kuliyankha okha.

Azakhali, mlongo wa malemu, anamupeza Namaso m'khonde akupinda malaya a Bambo.

"Wakulatu, mwanawe," anatero, mawu ali ofewa ngati akumupatsa mphatso. "Mlongo wanga mbali yake anachita, Mulungu yekha ndi mboni. Koma abale a mayi ako alipo kwinakwake. Chibale ndi fupa, sichiwola. Ukawafune usanakalambe."

"Sindikuwadziwa, azakhali."

"Nanga pakamwa unapatsidwa pa ntchito yanji? Umafunsa."

Namaso anayang'ana Amayi, amene anakhala pampando pafupi ndi zenera, manja ali pamwendo. Chimwalirireni amuna awo ankangoyankha ndi mutu. Sananene kuti pita, komanso sananene kuti khala, ndipo kukhala chete kumeneko kunamuwawa Namaso kuposa mawu onse a azakhali.

Vuto la filimuyo linali kumapeto. Bambo anali ndi kagwiridwe kawokawo ka ntchito: chilichonse ankachijambula ndi mapeto awiri, ngakhale malonda a sopo, akumati nkhani imasankha yokha ikafika patebulo. Pa filimuyi, m'mapeto oyamba mtsikana uja akukwera basi ndi kachikwama kake n'kupita. M'mapeto achiwiri akufika pageti, akutembenuka, n'kukagogoda pakhomo la nyumba imene inamulera. Atangojambula mbali ya basiyo, imene inali yotsiriza kujambulidwa, Bambo anagwa ndi matenda a mtima, ndipo sanabwererenso patebulo kukasankha.

Masiku awiri Namaso analumikiza filimu yonse bwinobwino, koma akafika pamenepo dzanja linkaima. Lachinayi masana anaitana onse kuti adzamuthandize. Azakhali anabwera ndi mpando wawo. Amayi anachita kugwiridwa dzanja ndi Achimwene.

"Zoti tizichita kukambirana zili pati apa?" anatero Achimwene. "Ika mbali ya basi. Ndi imene ili yoona. Munthu akakula amanyamuka. Ine si ndinanyamuka?"

"Inu munali ndi kobwerera, achimwene."

Achimwene anaseka kuseka kosakoma. "Kobwerera? Ine mwana wawo woyamba, koma m'chipinda muno ndinkalowa ndi odi. Iwe unkangokankha chitseko."

Zinali zoona, ndipo kwa nthawi yoyamba Namaso anawamvera chisoni. Achimwene sanali munthu woipa. Anangokula akupikisana ndi kamera, ndipo kamera siigonja.

Namaso anatsegula zojambula za tsiku la basi zimene zinali zisanadulidwe. Anali asanazionepo, koma tsikulo ankalikumbukira bwino, ndipo anawafotokozera mwachidule. Bambo anagwirizana ndi dalaivala kuti basi ikangofika pakona iime, Namaso atsike. Koma dalaivalayo, dzanja lozolowera msewu, ataona anthu akukweza manja kutsogolo anaiwala za filimu n'kuponda moto. Namaso anakatsikira kutali, nabwerera wapansi theka la ola. Anawapeza Bambo atakhala kuseri kwa kamera, nkhope ili gwa, ndipo anangomuuza kuti, "Wachedwa. Dzuwa lapita."

"Ndiwo amenewo," anatero azakhali. "Chibadwire."

Pa sikirini mtsikana anakwera basi, anakhala pazenera osacheuka. Basi inanyamuka. Namaso anaika chala pa batani, kudikira liwu la Bambo lakuti zakwana. Liwulo silinabwere. Basi inafika pakona, osachepetsa n'komwe liwiro.

"Iwe! Pakonatu!" anamveka Bambo kuseri kwa kamera. Kenaka kunamveka mpando ukugwa.

Amayi anagwira pakamwa. Munthu amene zaka makumi atatu sanapondepo kutsogolo kwa kamera yake, moti pamaliro anasowa chithunzi chabwino choika pabokosi, anatulukira pa sikirini ndi msana, akuthamanga. Ankathamanga moipa, mwendo umodzi ukukoka, malaya akuuluka, chipewa chitagwa. Nsapato imodzi inatsala pakati pa msewu. Sanaicheukire.

"Imani! Imitsani basiyo! Mwana wanga ali m'menemo!"

Anakuwa katatu, mpaka mawu anasasa. Anthu a m'mbali mwa msewu anasiya zochita zawo. Basi inakhota n'kuzimirira, ndipo Bambo anatsala okha patali, kamunthu kakang'ono, manja ali m'chiuno, akuwerama kufuna mpweya.

M'chipindamo munalibe wosuntha. Namaso chala chake chinali chikadali pa batani, koma anali ataiwala kuti ndi chake.

Bambo anabwerera akutsimphina. Atayandikira kamera, mayi wina wogulitsa zipatso pambali pa msewu anawatolera chipewa.

"Pepani, madala. Ndi mwana wamng'ono?"

"Ndi mzime wanga," anatero Bambo akupuma mwabefu. "Alibe foni, alibe kanthu m'thumba, chikwamacho muli mapepala okhaokha. Ndamukweza ndine. Mayi ake ndikawauza chiyani?"

"Abwera. Ngati ndi wamkulu, njira aidziwa."

"Njira amaidziwa kuposa ine. Mutu umenewo si wamasewera, mayi. Ntchito yonseyi idzatsala m'manja mwake. Koma akabwera musamuuze kuti ndinathamanga."

Amayi ndi amene anayamba. Kunali kuseka, kuseka kwenikweni, koyamba m'nyumbamo chichitikireni zovuta. "Taonani nkhalamba iyi," anatero akuloza sikirini. "Bondo lomweli ankandinamiza nalo kuti sangakwere pampando kusintha babu!" Kusekako kunasweka pakati n'kukhala kulira, ndipo anatambasula dzanja osayang'ana, namugwira Namaso pamkono mwamphamvu. "Wamva? Akuti akandiuza chiyani ine. Ine, mayi ako. Ndiye wina abwere lero adzandiuze kuti ukwere basi?"

Azakhali anapeza chochita ndi mphonje ya mpango wawo. "Ine ndimangonena," anatero motsitsa. "Mlongo wangayo ankabisa zinthu ngati nkhuku yoikira kutchire."

Namaso analira osadzibisa. Sikunali kulira kwa pamaliro kuja, kumene ankalira chakumbuyo poopa kuti wina angati akudzionetsa pa maliro a eni. Uku kunali kulira kwa mwana amene bambo ake amwalira, ndipo kunali ndi chimwemwe mkati mwake chimene iye mwini chinamudabwitsa.

Achimwene anayang'ana pansi. "Ine sanandithamangirepo," anatero.

"Iwe tsiku limene unanyamuka anakhala pa siteji mpaka basi ina inabwera n'kupita," anatero Amayi akupukuta m'maso. "Kunalibe kamera chabe. Bambo ako chikondi ankachichita munthu akatembenuka."

Achimwene anapukusa mutu, akumwetulira pang'ono ngati munthu amene wabwezeredwa chinthu mochedwa. Kenaka anayang'ana Namaso.

"Za Lachisanu uiwale, mlongo wanga. Anthu aja ndiwauza akafune kwina. Koma mapetowo usatifunsenso ife. Wamva wekha kuti ntchito anasiyira ndani."

"Ndiika ya pakhomo," anatero Namaso.

"Ika. Nanga izi zikupitirira mpaka kuti?"

Zojambulazo zinali zisanathe, chifukwa Bambo tsikulo anaiwala kuzimitsa kamera. Namaso anazithamangitsa pang'ono. Anawaona akutola nsapato yawo, akukhala, akuimirira, akupita pakati pa msewu kukasuzumira, akubwerera. Kenaka, patali kwambiri, panaoneka kadontho koyenda, kanyamula chikwama.

Bambo anakaona. Mwachangu anasasa fumbi pa thalauza, anapukuta nkhope ndi chipewa, n'kuthawira kuseri kwa kamera. Anamveka akudzutsa mpando uja. Kwa kanthawi msewu unangokhala mbuu, anthu ndi magalimoto zili zosaoneka bwino. Ndiye chithunzi chinagwedezeka pang'ono, dzanja litagwira kamera, ndipo galasi lake linayamba kutembenuka pang'onopang'ono mpaka mtsikana uja anaoneka bwinobwino, wotopa, fumbi lili m'miyendo. Zina zonse anazisiya mbuu. Iye yekha anamusunga pakati penipeni pa chithunzi, phazi ndi phazi, mpaka anafika.