Lole Inaponda Masamba ku Bangwe

A Willard Namakhwa anali munthu wa malamulo. Mpira anayamba kuphunzitsa pa sukulu ya pulayimale ku Bangwe, pa bwalo lotsetsereka loti mpira ukausiya wokha unkakalowa m'golo yakumunsi. Kuchoka apo anakagwira timu ya koleji ina mumzinda momwemo kwa zaka zinayi, ndipo mu 1996 kampani yopanga misomali ku Maselema inawalemba ntchito kuti akweze timu yake, Misomali United, ilowe mu ligi yaikulu. Konse kumene anadutsa anasiyako mawu amodzi: "Osewera anga ndi ana anga." Ankawanena pa maukwati, kwa atolankhani, ngakhale mu minibasi kwa munthu amene sanawafunse.

Mwa ana onsewo, wachisamba anali Nedson. Anamutola ali Sitandade 6 akumenya chikulunga wopanda nsapato, ndipo nsapato zake zoyamba za mpira anamugulira okha pa kaunjika ku Limbe. Atapeza ntchito ku Misomali anakamutenga kwa amayi ake, namupatsa nambala 5 ndi ukaputeni.

Chaka chotsatira Nedson anayamba kutha thupi. Kabudula ankachita kumupinda m'chiuno, chifuwa sichinkamusiya, ndipo akathamanga pang'ono ankagwira m'mawondo. Zaka zimenezo aliyense mu Blantyre ankadziwa tanthauzo la zimenezi, ndipo aliyense ankayang'ana kumbali. A Willard nawo ankadziwa, tisawanamizire umbuli. Koma kukalipa kunali kosavuta kusiyana ndi kukhala pansi n'kufunsa. Tsiku lina pa zokonzekera, anyamata onse ali pompo, analiza wezulo n'kumuloza chala.

"Iwe Nedson, ulesi umenewo kaupange kwa amayi ako! Vula lambayo upatse Fletcher."

Nedson anavula lamba wa ukaputeni pamkono, napereka ndi manja awiri. "Pepani, akochi," anatero. Anamangirira nsapato zake m'khosi n'kuuyamba wa ku siteji, ndipo sanabwerenso.

Miyezi isanu inadutsa a Willard osaponda ku Bangwe. Manyazi ankawadya, koma ankawabisa m'ntchito. Akazi awo, a Gertrude, ndiwo sankawapatsa mpata.

"Bambo a Mirriam, mwana uja mukamuona liti?"

"Ligi ikatha."

"Zengerezu adalinda kwawukwawu. Ndamva kuti tsopano akuchita kumutulutsa kukaothera dzuwa."

A Willard anali nayo nzeru yawo, ndipo ankaiona ngati yakupsa. Kupita chimanjamanja kukanafuna kuti atsegule pakamwa anene kuti pepa, mawu amene lilime lawo linali lisanazolowere. Choncho anaganiza kuti akapambana masewero omaliza adzatenga chikho n'kukachiika m'manja mwa Nedson, chikhocho chidzawalankhulire.

Masewero aakulu akayandikira, a Willard ankatsekera timu pa kampu. Ulendo uno anabwereka makalasi awiri pa sukulu ina ku Machinjiri, kuyambira Lachinayi. Lamulo linali lodziwika: wailesi ayi, nyuzipepala ayi, mlendo ayi, kaya ndi mkazi wako kaya ndi abusa. Lachisanu m'mawa a Majidi, mlonda wa pageti, anabwera akuwerama.

"Bwana, kwabwera bambo wina, akuti ndi a Venansio, malume ake a Nedson. Akufuna inuyo."

A Willard anasuzumira pawindo. Anaona munthu wamkulu atavala jekete lakuda, chipewa chili m'manja. Anaganiza kuti wabwera kudzawaimba mlandu wotaya mwana, tsiku loti mawa n'kusewera.

"Kawauzeni kuti ndachoka."

"Akuti ali ndi uthenga, bwana."

"Uthenga ndi wa mawa 3 koloko. Za kunja zikhale kunja."

Munthu uja anaima pageti nthawi yaitali ndithu, kenako anavala chipewa chake n'kubwerera.

Loweruka pa bwalo la ku Chilomoni, Misomali inapambana zigoli ziwiri kwa chimodzi. Fletcher ndiye anamwetsa chachiwiri ndi mutu kutatsala mphindi zitatu. A Willard anazindikira kuti gulu la ng'oma la ku Bangwe, lomwe silinkaphonya masewero, silinabwere, koma anangoti ndi nsanje. Chikho chitaperekedwa anachikumbatira ngati khanda. Masiku onse ankakhala kutsogolo kwa lole ya kampani, pambali pa dalaivala, koma tsiku limenelo anakwera kumbuyo. Anatsamira mutu wa lole, msana uli komwe akupita, nkhope ili kwa anyamata, kuti azitsogolera nyimbo.

"Mackford!" a Willard anaitana dalaivala. "Ku Bangwe, kwa Nedson!"

Anyamata anakuwa ndi chimwemwe, poti onse ankamukonda kaputeni wawo wakale. Anadutsa m'tauni, nadutsa Limbe, akumenya malata a lole ndi zikhato. "Msomali walowa, sutuluka!" Anthu m'misewu ankayamba ayesa ndi lole ya chipani, poti masiku amenewo zipani ndizo zinkayenda ndi phokoso lotere, kenako akaona chikho ankaimba m'manja. A Willard ankavomereza nyimbo ndi wezulo, kapusi yofiira ili pamutu. Mtima wawo unali utapepuka kwa nthawi yoyamba m'miyezi isanu.

Atasiya tala n'kulowa kamsewu kafumbi kotsikira kwa amayi a Nedson, lole inachepetsa liwiro mpaka kutsala pang'ono kuima. A Willard anamenya denga ndi chibakera osacheuka.

"Ponda moto iwe!"

Mackford anatulutsa mutu pawindo n'kukuwa kena kake, koma nyimbo inameza mawu ake. A Willard anamenyanso denga, kawiri, mwaukali. Ku Misomali munthu sankayankha kochi kachiwiri. Lole inapita.

Anyamata ndiwo ankaona kutsogolo. Nyimbo inayamba kuzima pakamwa pawo mmodzimmodzi, Fletcher anagwetsa manja, wina anavula chipewa. A Willard anatsala okha akuliza wezulo. Kenako anaona zikutuluka pansi pa lole, kumbuyo kumene iwo anayang'ana: nthambi za masamba aawisi zomwe zinayalidwa modula msewu, zitaphwanyika, matayala atazisindikizira m'fumbi.

Masamba pamsewu safuna womasulira. Wa njinga amatsika n'kumakankha, kondakitala wa minibasi amatseka pakamwa, ngakhale chidakwa chimavula chipewa n'kudutsa mwakachetechete. A Willard anatembenuka pang'onopang'ono, wezulo idakali pamlomo.

Lole inali itaima pakati penipeni pa anthu. Abambo anali pa mabenchi ndi pa miyala kumanja, amayi atadzaza pabwalo kumanzere, ndipo nyimbo yawo ya maliro inali itadukira pakati. Fumbi la lole linali kutera pa mipango yawo. Nyumba inali yomweyo ya amayi a Nedson, ya chitseko chobiriwira. Anyamata a ng'oma aja anali potero, akuwaza nkhuni.

Palibe anatukwana. Zikanakhala bwino akanatukwana. Anthu mazana anangowayang'ana, bambo wamkulu wa kapusi yofiira atanyamula chikho chomangirira maliboni pa maliro a mwana. Anatsika movutika, poti dzanja limodzi linali ndi chikho ndipo panalibe amene anatambasula mkono kuti awalandire. Anafuna kuchiika pansi, anaona kuti sichiyenera. Anafuna kuchibisa kumbuyo, chinali chachikulu.

A Venansio anadzuka pa benchi, jekete lakuda lomwe lija. Anawatengera a Willard pambali pang'ono, nalankhula motsitsa monga mwa mwambo.

"Aphunzitsi, mwana wanu anatisiya Lachisanu mbandakucha. Ndinabwera kudzakuuzani."

"Mukanamuuza mlonda," a Willard anatero.

"Uthenga wa maliro saponya pampanda ngati nyuzipepala. Amakhala pansi ndi mwini wake. Ife timati inu ndinu bambo wake, ndiye ndimafuna ndikuuzeni pamaso, mutiuze ngati anyamata angadzanyamule bokosi mawa. Koma anati mwachoka." Anaima kaye. "Ndinakuonani pawindo."

A Willard anavula kapusi. Anyamata anali atatsika kale, atakakhala pansi pafumbi pamodzi ndi abambo, mitu ili m'mawondo, Fletcher akulira mosabisa.

"Amayi ake akukufunani," anatero a Venansio.

Chikho anachisiya pamapeto pake kuseri kwa tayala la lole. Analowa m'nyumba ya siwa akukwawa ndi mawondo pakati pa miyendo ya amayi. A Bernadeta, amayi a Nedson, anali atatsamira khoma pafupi ndi bokosi, mawu atatha ndi kulira. Anawayang'ana opanda mkwiyo, ndipo kusakwiyako kunawalasa a Willard kuposa mpeni.

"Mwafika, aphunzitsi. Ankanena kuti mubwera. Loweruka lililonse ankati timukhazike pakhonde, mwina lole idutsa."

"Mayi, ine..."

A Bernadeta anapisa dzanja kuseri, natulutsa jumbo ya pulasitiki. Munali nsapato za mpira, zopolishidwa mpaka kunyezimira, zingwe zitachapidwa.

"Anati izi mukapatse mwana wina wopanda nsapato. Ndiye pali mawu anandisiyira, anandibwereza katatu kuti ndisaiwale." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Anati akochi akabwera muwauze kuti sunali ulesi."

A Willard analandira nsapatozo ndi manja awiri. Mawu amene anawasunga miyezi isanu anatuluka tsopano, mokweza, nyumba yonse ikumva.

"Pepa, mwana wanga. Ndinkadziwa."

Amayi a pabwalo aja anayambanso nyimbo pamene inadukira paja.