Alendo a Lachinayi ku Kabulonga

Ufulu utabwera, azungu ena analongedza katundu, ndipo boma linapatsa Jonas nyumba ku Kabulonga, dera la azungu mumzinda waukulu wa dzikolo. Galimoto silinamupatse. Mkazi wake Eness sanachedwe kuona kuti ziwirizi zimayendera limodzi, ngati mtondo ndi munsi.

Amene anajambula Kabulonga sanaganizireko munthu woyenda pansi. Msewu wa tala unkakhotakhota pakati pa mitengo ya jakaranda kuti woyendetsa asangalale, ndipo m'mbali mwake munali ngalande yokhayokha. Basi yochokera ku komboni ya Kabwata inkafika m'mphepete mwa dera loyandikana la Woodlands n'kutembenuka ngati yaona njoka. Jonas, amene ankagwira ntchito yojambula mapu a mzinda, ankati basi ya ku Kabulonga ilipo kale, pa pulani.

Eness anakulira ku Kabwata, ndipo mpingo wake unali komweko. Amayi a Chigwirizano ankasonkhana Lachinayi lililonse, lero kwa uyu, sabata yamawa kwa uyo. Chisamukire, nyumba yake ankangoidumpha. Virginia, wa pakamwa posatseka, anali atayamba kumutchula kuti "ba dona". Potsiriza Amayi Winifred, wapampando, anagamula.

"Lachinayi tibwela kwanu. Tikalephela kufika, mukazipemphela na bazungu banzanu mu Chingelezi."

Tsikulo Eness anapukuta khonde mpaka linafiira ngati chiwindi. Anaphika masikono, anatulutsa makapu a ukwati, anavala bulauzi yake yoyera. Anatsegula geti, anatsegula khomo lakutsogolo, nakhala pampando maso ali pamsewu.

Kunadutsa magalimoto. Kunadutsa galu wa mzungu woyandikana naye, amene anamuyang'ana n'kupitirira. Mthunzi unachoka pakhonde n'kukagwera pakapinga. Tiyi anazizira. Eness anavula duku, naganiza za nyimbo za Chingelezi zija, zimene anthu amaimba osagwedeza ngakhale phewa.

Ananyamula ketulo kuti akataye tiyi kuseri. Atadutsa mpanda wa maluwa, anawapeza: amayi onse, mabulauzi oyera mbee, atayala zitenje pamthunzi wa kanyumba ka antchito, nsapato atavula.

"Amayi! Mwafika liti?"

"Kudala," anatero Winifred. "Tapemphela, taimba, ulaliki tamva. Mwatsala ndimwe na tiyi."

"Osagogoda?"

"Ku Kabulonga sibagogoda," anatero Virginia. "Unkhala pansi mpaka bakuone."

Virginia ndiye anawatsogolera. Anali atachapa zovala zaka zambiri mumsewu womwewu, ndipo anawadzeretsa njira yokhayo imene ankaidziwa: kanjira ka fumbi kodutsa kuseri kwa mipanda, ka ophika, olima maluwa ndi migolo ya zinyalala.

"Khomo lili kutsogolo," anatero Eness. "Ndatsegula kuyambira m'mawa."

"Iyi nyumba niiziba bwino, ba dona. Nachapamo. Koma kusogolo kwake sininakuonepo."

Eness anaika ketulo pansi. Anakana kuwalowetsa kudzera kukhitchini. Anawavalitsa nsapato, nawazungulitsa nyumba yonse pamzere, mpaka pakhonde lofiira lija. Virginia anapukuta mapazi nthawi yaitali. Anayang'ana chitseko kumwamba ndi kumunsi, anachigwira, anachikankha pang'ono.

"Kansi ni chitseko chabe," anatero.

Anamwa tiyi wotenthetsanso. Masikono anatha. Christine, amene anali ndi pakati, anaviika mapazi ake otupa m'beseni pakati pa balaza, ndipo palibe anamuletsa. Eness ankangoyang'ana pakamwa pa wapampando.

Winifred anapukuta zala, nayang'ana pawindo, pomwe panali garaja yopanda kanthu.

"Motoka ili kuti?"

"Tilibe, amayi."

"Ndiye simuli muzungu. Muzungu ali na motoka. Imwe mwangotayika chabe." Anamanga chitenje. "Mukali wathu. Koma muzibwela ndimwe ku Kabwata. Ise myendo tili nayo ibili-ibili."

Eness anavalanso duku kuti awaperekeze. Anatulukira khomo lakutsogolo, monga iye anafunira. Atafika pageti anaima, nayang'ana tala uja akukhota kupita kumene magalimoto amapita. Kenaka onse, Eness yemwe, anazungulira kuseri, chifukwa kanjira kaja ndiko kanali kachidule.

M'kanjiramo anakumana ndi Jonas akuchokera kuntchito, tayi pakhosi, fumbi mpaka m'maondo, mapu atawapinda m'khwapa. Anapatukira m'maudzu kuti amayi adutse.

"Ba Jonas," anatero Winifred, "basi ili kuti?"

"Ili pa pulani, amayi."

"Muziikwela imwe," anatero Winifred, napitirira.