Amalume Samwa

A Lameck anatsika basi yochokera ku Farnworth atavala suti. Tinenenji anali atawauza mobwerezabwereza pa foni kuti kumene akupitako n'kutenti, pabwalo lamasewera lamatope, ndipo anthu ake amavala majuzi akale. Iwo anati amva. Ndiye ndi awa: suti yakuda, tayi wofiira, nsapato zopolisha ngati akukaonekera kwa jaji.

"Amalume, ndinanena kuti n'kumowa."

"N'kumowa kwa iwe. Ine ndabwera kudzaona munthu."

Munthuyo anali Rowland, mnyamata wa mom'muno mu Bolton amene ankafuna kukwatira Tinenenji. Mayi ake a Tinenenji, ku Chilomoni, anali ataneneratu kuti iwo savomera mwamuna womuonera pachithunzi. Achimwene awo a Lameck akamuone ndi maso. Akavomera kukhala nkhoswe, nkhani yatha. Akakana, Tinenenji adziwe kuti akukwatiwa yekha.

Kumudzi a Lameck anali kalaliki wa kunjanji ku Limbe. Kuno ankasambitsa ndi kudyetsa nkhalamba zachizungu panyumba ina yosungira okalamba. Mowa ankaukonda mwaulemu, momwe ena amakondera mpira: sankaledzera, koma ankatha kuukamba tsiku lonse. Atamva kuti mnyamatayo amafulula mowa ndi mnzake m'kafakitale kakale ka thonje, ndiponso kuti kuli chisangalalo cholawa mowa kumene ofulula ang'onoang'ono a m'matauni ozungulira amabweretsa migolo yawo, anasinthana shifiti ndi mnzawo tsiku lomwelo.

"Mkamwini wofulula mowa!" anatero pa fonipo. "Mulungu amayankha ngakhale mapemphero amene munthu unachita manyazi kupempha."

Unali mwezi wa Okotobala, chaka cha 2006. Kwathu nthawi imeneyo anthu amakhala akuthawa dzuwa. Kuno masamba achikasu anali atamatirira mumsewu, kamvula kakuwaza mosatsimikiza. M'tentimo munkanunkha udzu wonyowa ndi chimera. Migolo yachitsulo inali itasanjidwa m'mizere, uliwonse ndi dzina lake papepala. Pakhomo aliyense ankalandira tambula yakeyake. Azibambo andevu ankakweza matambula awo kuyang'ana kowala, n'kununkhiza, n'kumwa pang'ono, kenako n'kugwedeza mutu mwachisoni kapena mwachiyembekezo. Tinenenji ankagwira ntchito yoyeza magazi kuchipatala, koma anali asanaone munthu akuyang'ana magazi mosamala choncho.

A Lameck anaima pakhomo n'kupuma mpweya wambiri.

"Ndiye zonsezi n'zolawa?"

"Zonse, amalume."

"Anthu awa ali ndi mavuto awo, koma apa pokha anaganiza bwino."

Rowland anali kuseri kwa thebulo lake atamanga epuloni, ndipo pambali pake panali mayi ake, a Edwina. Tinenenji atawaona mtima unatsika pang'ono. Sanadziwe kuti abwera.

A Edwina anali mphunzitsi wopuma pantchito, munthu wabwino mtima, ndipo vuto lake linali lomwelo. Chilichonse cha ku Africa chinkawasangalatsa. Tsiku loyamba kukumana anafunsa Tinenenji ngati anapitako kwa sing'anga. Pa Khirisimasi Tinenenji anangotchulako za ngumbi, ndipo a Edwina anaitana anzawo a m'khitchini kuti abwere adzamve okha. Kuyambira pamenepo Tinenenji ankasefa zonena. Malawi amene ankauza a Edwina anali wa makoleji, misewu ya tala ndi makwaya a kutchalitchi.

Rowland anazungulira thebulo, napereka moni ndi manja awiri monga anaphunzitsidwa.

"Muli bwanji, amalume?" anatero m'Chichewa chake cholimba ngati chinangwa chosapsa.

"Ndili bwino, kaya iwe?" A Lameck anaseka, natembenukira kwa Tinenenji. "Wayesetsa. Lilime likulemera, koma wayesetsa."

Kenako zonse zinapitirira m'Chingerezi. Rowland anatenga tambula ya a Lameck, natsegula kampopi ka mgolo wake. Mowa unatuluka wakuda, thovu lake lofiirira. Anafotokoza kuti ndi woyamba umene iye waufulula yekha kuyambira pachimera mpaka pamgolo, ndipo ankafuna kuti amalume akhale oyamba kuulawa m'banja la Tinenenji. Anawapatsa.

A Lameck analandira ndi manja awiri. Anauyang'ana, naununkhiza. Ndiyeno anatambasula mkono pang'ono, kubwezera tambula ija kwa Rowland, akumwetulira, n'kudikira.

Tinenenji anadziwa pomwepo chimene chikuchitika. Anakulira nacho. Wopereka mowa amayamba walawa yekha, m'chikho chomwecho, mlendo akuona, kusonyeza kuti mulibe kanthu koipa. Palibe amene amaganizadi za poizoni masiku ano. Ndi ulemu chabe, ngati kugogoda pachitseko chotsegula. Ndipo amalume pobwezera tambula ija ankamupatsa Rowland malo: iwe ndiwe mwini mowa, ine ndine mlendo wako.

Rowland anayang'ana tambula, nayang'ana Tinenenji.

"Pali vuto?"

Mutu wa a Edwina unapendekera kumbali. Maso awo anawala momwe anawalira tsiku la ngumbi lija.

"Kodi umenewu ndi mwambo?" anafunsa.

A Lameck anakonza kukhosi kuti afotokoze. Tinenenji anamva kale mawu a poizoni akutuluka, anaona kale a Edwina akukodola anzawo, anaona azibambo andevu aja akusendera pafupi ndi matambula awo. Pakamwa pake panatseguka pokha.

"Amalume samwa," anatero m'Chingerezi. "Ndi akumpingo. Anangochita manyazi kukana."

Rowland anafiira mpaka m'makutu. Anapepesa, napepesanso, nachotsa tambula ija m'manja mwa a Lameck. Kenako, pofuna kuwachotsera chiyeso pafupi, anakhuthulira mowa uja m'ndowa ya zotayika imene inali pansi pa thebulo. A Lameck anautsata ndi maso mpaka dontho lomaliza. Manja awo anatsala m'mwamba momwe analili, atagwira mphepo, kenako anawalowetsa m'matumba.

"Tina, bwanji sunanene?" anatero Rowland chapansipansi. "Ndaitanira munthu wa Mulungu kumowa!"

"Si vuto, mwana wanga," anayankha a Lameck m'Chingerezi chawo cha kunjanji, chosalala, chopanda banga. "Sukanadziwa."

A Edwina anathamanga kukagula juwisi wa malalanje. Rowland anaitanidwa ndi kasitomala. Tinenenji anatsala ndi amalume ake, akuyang'ana udzu.

"Mpingo uti?" anafunsa a Lameck m'Chichewa, osamuyang'ana.

"Amalume, chonde."

"Ayi, ndikufunsa bwinobwino. Wandiika ku mpingo uti? Angandifunse."

Ndipo a Edwina atabwera ndi juwisi anafunsadi.

"Ndi kampingo kakang'ono, mayi," anatero a Lameck. "Simungakadziwe. Kangoyamba kumene."

Akanakwiya, akanachoka, Tinenenji akanapeza pogwira. Koma iwo ananyamula bodza lake n'kulisenza masana onse ngati katundu wa mlendo. A Edwina anawagwira pamkono n'kuwazungulitsa tenti yonse, akuti asasungulumwe. Paliponse pamene ankaima, wofulula ankaona suti ija n'kuganiza kuti wabwera munthu wofunika. Wina wa ku Wigan anawatambasulira kamowa kofiira. Wina wa ku Bury anati wake uli ndi uchi.

"Zikomo, sindimwa."

"Ngakhale kulawa?"

"Ngakhale kulawa."

"Ndi akumpingo," a Edwina ankawonjezera monyadira, ndipo ofululawo ankabisa matambula awo kumbuyo ngati ana asukulu ogwidwa ndi fodya.

Tinenenji ankatsatira pambuyo, tambula yake ili youma. Ankaona mphuno ya amalume ikugwira ntchito yokha pamgolo uliwonse. Pena anaima nthawi yaitali kumvetsera mkulu wina akufotokoza za timaluwa towawa timene amathira mu mowa, nafunsa mafunso anzeru kwambiri mpaka mkuluyo anadabwa.

"Kwa munthu wosamwa, mukudziwa zambiri."

"Mdani uyenera kumudziwa," anatero a Lameck.

Itakwana nthawi yodya, anakhala pabenchi ndi mapayi anyama ndi nsawawa zobiriwira zophwanya. Rowland anali atakweza kale foloko pamene mayi ake anamugunda ndi chigongono. Kodi amalume sangadalitse chakudya? A Lameck anaimirira, namanga batani la jekete. Anapemphera mokweza, m'Chingerezi, pakati pa tenti ya mowa. Anathokoza chifukwa cha chakudya ndi manja amene anachikonza. Anapempherera mnyamata uyu ndi ntchito ya manja ake, imene ena anailawa n'kuichitira umboni. Anapempherera achinyamata onse amene ali kutali ndi kwawo, kuti asaiwale nkhope za abale awo. Pathebulo loyandikana bambo wina anavula chipewa. Tinenenji anatsinzina mwamphamvu, ndipo atati ameni sanafune kutsegula maso.

Kusanade a Lameck anati mawa ali ndi shifiti yam'mawa. Rowland anawagwira chanza ndi manja awiri, napepesanso. A Edwina analonjeza kuti paukwati padzakhala thebulo lapadera la osamwa.

Tinenenji anawaperekeza kusiteji. Nsapato zopolisha zija zinali zitasanduka zamatope.

"Amalume, pepani."

"Mm."

"Mayi aja mukanawauza za poizoni, sabata yonse ikanakhala nkhani. Simukuwadziwa. Amandiyang'ana ngati ndine pulogalamu ya pa TV."

"Ndiye unaona kuti bola ayang'ane ine."

A Lameck anatulutsa kampango n'kupukuta magalasi awo.

"Kuntchito kuli gogo wina amanditchula dzina la galu wake amene anafa kalekale," anatero. "Ndimayankha. Ndi wodwala, ndipo si m'bale wanga. Koma iwe, Tine, mowa wandilanda m'manja pamaso pa anthu. Mnyamata uja anangotumidwa."

"Ndiye mwamuona bwanji?" Anafunsa akudziwa kuti si nthawi yake, koma basi inali itaonekera kale pakona.

"Mnyamatayo alibe vuto. Ali ndi ulemu, ntchito amaikonda."

"Ndiye muwaimbira amayi?"

"Ndiwauze chiyani? Nkhoswe amaima pakati pa mabanja awiri. Mukadzayambana, anthu aja adzathamangira kwa munthu amene akumudziwa. Amene akumudziwa si ine. Ndi m'busa uja wawapangira lero. Kamupemphe ameneyo, mwina avomera."

Basi inaima. A Lameck anakwera, nakhala mbali ya kutali ndi windo.

Tinenenji anabwerera pang'onopang'ono. M'tenti anthu anali atachuluka, gulu lina likuyesa magitala pakona. Rowland ankatsuka matambula, mayi ake akupukuta. Tinenenji anaganiza zomukokera Rowland pambali, koma anazindikira kuti kumeneko kukhala kusefanso. Anaima patsogolo pa onse awiri.

"Amalume amamwa," anatero. "Amamwa bwino kwambiri. Amadikira kuti iwe uyambe kulawa. Kwathu wopereka mowa amayamba ndiye, kusonyeza kuti sanathiremo poizoni."

"Poizoni!" anatero a Edwina, nsalu yopukutira ili pachifuwa. "Zosangalatsa bwanji!" Anatembenukadi kufunafuna woti amuuze, napeza mayi wa pathebulo la Wigan. Mayiyo anamvetsera, nati agogo ake aamuna ankachitanso zofananako ndi tiyi, n'kubwerera kumgolo wake. Zinathera pomwepo. Chinthu chimene Tinenenji anachiopa masana onse chinatenga nthawi yochepa kuposa kumeza malovu.

Rowland sanaseke. Anayang'ana ndowa ija pansi pa thebulo.

"Ndiye ndinawalanda mowa m'manja n'kuutaya iwo akuona."

"Eya."

"Ndipo pemphero lija?"

"Linali lonena ine."

Anapukuta manja pa epuloni kwa nthawi yaitali, ngakhale anali ouma kale.

"Uwaimbira ndiwe, kapena ine?"

Tinenenji anatuluka panja pomwe phokoso linali lochepa. Foni inaitana kwa kanthawi. A Lameck atayankha, kumbuyo kunkamveka injini ya basi.

"Ndawauza, amalume."

"Onse? Ndi mayi aja?"

"Onse."

"Anaseka?"

"Anati n'zosangalatsa."

"N'zosangalatsadi," anatero a Lameck. Belu la basi linalira. "Lamlungu likubwerali ndili pantchito. Linalo mnyamatayo abwere kunyumba, tidzakambirane. Ndikatero ndidzawaimbira mayi ako."

"Zikomo, amalume. Tibwera."

"Ndati abwere. Yekha. Iwe ukapume, watopa n'kutimasulira."