Zigamba za pa Chithunzi cha Mtedza

Bertha anali atangopachula chithunzi pakhoma kuti achipukute pamene mchimwene wake Aubrey anayambanso nkhani ija.

"Amalume akuti azakhali azibwerera kwawo ku Kabudula. Owasunga pano apita."

"Kwawo kuti? Anachokako ife tisanabadwe."

Sabata inali isanathe chiikireni bambo awo, a Wilson, mphunzitsi wopuma wa ku Nsaru. Malemuwo anali mkamwini pamudzipo, mkazi wawo anatsogola kale, ndiye mlongo wawo, a Dorica, anatsala opanda pogwira.

Chithunzicho a Wilson anachijambula kalekale pathabwa, ndi penti wotsala popaka zitseko. Chinkaonetsa banja likuswa mtedza pamphasa. Kuchokera pakona kufika pamphasapo panali zigamba za penti wofiirira, ngati mapazi a munthu.

"Ine chimandimvetsa chisoni," anatero Aubrey. "Aliyense wazyolika ngati pasiwa. Nacho chinyezi chinachiwononga."

"Kodi poswa mtedza munthu amayang'ana kumwamba?"

Anali a Dorica, ataima pakhomo. Analowa pang'onopang'ono n'kukhala pansi pafupi ndi khomo.

"Chaka chimenecho tinakolola, mwana wanga. Palibe akulira apa. Ndipo ichi si chinyezi. Ndine."

Analoza chigamba chapakona.

"Banja langa litatha, ndinafika pano ndi chitenje chimodzi. Ndinkadyera kuseri, manyazi. Achimwene anandijambula apa, ndekha, nditafulatira. Nditayamba kucheza ndi amayi anu, anandifufuta n'kundijambula apa. Iwe Bertha utabadwa n'kuyamba kugonera kumsana kwanga, anandisunthanso."

Bertha anatsatira zigambazo ndi chala mpaka pakati pa mphasa, pa mayi wa duku lobiriwira amene anafungatira lichero. Moyo wake wonse ankayesa kuti ndi amayi ake.

"Ankakuuzani akamakusunthani?"

"Ayi. Ndinkangozipeza ndikusesa." A Dorica anaseka, n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Kupita ndipita, musavutike nane. Ndinasungidwa mokwanira."

Bertha anayang'ana mchimwene wake. Maso a Aubrey anali pathabwapo. Kenaka anafunsa motsitsa mawu ngati m'nyumbamo munatsala penti.

"Wa chiyani?" anafunsa Bertha.

"Malo awa pakona ayamba kusupuka. Ndiwatseke bwinobwino." Anatembenukira kwa a Dorica. "Amalume ndikalankhula nawo ndekha mawa, azakhali. Inu senderani kuno, pakhomopo pali mphepo."