Timizere ta Tupa Kunsi kwa Kachitsulo

Zarak anawaona komaliza bambo ake ali moyo m'mawa wa pa 9 Seputembala 2019, iye akunyamuka kupita ku koleji. Bambowo anali atawerama m'shopu yawo yosulira mfuti m'tauni ya Darra, akupala kachitsulo ndi tupa, ndipo sanadzutse n'komwe mutu.

Tsopano maliro anatha, koleji anaisiya, ndipo bambo ake aang'ono, a Mirwais, ankagulitsa mfuti yakale ya Angerezi, chokhacho chimene malemuwo anasiya. Wogula wa ku Lahore anati aitenga pokhapokha kachitsulo kolunjikira ka pamwamba pa mfutiyo kakhale kochokera kwa Angerezi komweko, osati kosula kuno.

"Awuze abwanawa kuti n'ka Angerezi, iwe wa koleji yosatha," anatero a Mirwais, akumuponda chala.

Zarak anatukula kachitsuloko. Manambala anali oongoka ngati a kufakitale, koma kunsi kwake kunali timizere ta tupa topendekera kumanzere. Malemu bambo ake anali amanzere.

"Aka anasula ndi bambo," anatero.

"Chitsiru iwe!" anakalipa a Mirwais.

Wogula anasiya tiyi wake n'kutuluka. Zarak anafungatira mfutiyo, maso ali pa tsiku limene malemuwo anadinda pakona kunsi kwa kachitsuloko, monga ankachitira akamaliza ntchito: 9 Seputembala 2019.